Ambuya Anavina, Nduna Inalankhula

Chaka chilichonse mwezi wa Marichi ukafika, msewu wa kwathu ku Kavalamanja umaona magalimoto amene suwaona miyezi ina yonse. Amabwera asilikali, amabwera akuluakulu a boma, ndipo pambuyo pawo pamabwera anyamata onyamula makamera. Amadzakumbukira zimene zinachitika pa 6 Marichi 1978, tsiku limene asilikali a Ian Smith anaoloka Zambezi ndi ndege n'kugwetsa mabomba pamudzi pathu. Ine ndimakhala ku Kanyama, koma nthawi imeneyi ndimayesetsa kupita kumudzi, chifukwa ambuya anga, amene anabala amayi, ndi mmodzi wa anthu amene anathawa tsiku lija ali ndi mwana kumsana.

Chaka china, mwambo usanayambe, mtolankhani wa TV ina ya ku Lusaka anakhala ndi ambuya pansi pa mtengo wa masau. Anali mnyamata waulemu, anagwada popereka moni, ndipo anawafunsa kwa nthawi yaitali mpaka mthunzi unasuntha. Ambuya anafotokoza zonse: phokoso la ndege, utsi, mmene anathawira kuphiri osatenga ngakhale poto, mmene anabwerera n'kupeza phulusa pamene panali nyumba. Anatchula mayina a anthu amene sanabwerere. Atamaliza za kale analowa za lero. Anati njovu zikutha chimanga m'madimba. Anati ukadwala usiku, galimoto yopita ku Boma imafuna ndalama zimene munthu wa kumudzi alibe. Anati adzukulu awo onse athawira ku Lusaka chifukwa kuno ntchito ndi bwato ndi ukonde basi. Pomaliza, monga munthu woleredwa bwino, anathokoza alendo chifukwa chobwera.

Mawa lake madzulo tinadzaza pakashopu kamene kali ndi TV ya sola. Nkhani yathu inatuluka, ndipo sinapitirire mphindi ziwiri. Nduna inalankhula kawiri ndi mawu akeake. Tinaona nkhata za maluwa, tinaona asilikali akuchita sawasha. Ambuya anaoneka kamodzi, akuvina pakati pa amayi anzawo, ndipo pamwamba pa chithunzi chawo wowerenga nkhani anati anthu a ku Kavalamanja ayamikira boma chifukwa chowakumbukira. Ana anakuwa ndi chimwemwe poona ambuya awo pa TV. Iwo anangotembenuka n'kundifunsa kuti, “Kodi pakamwa panga anapasiya pansi pa mtengo paja?”

Funso limeneli ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe. M'nkhani ija munalibe bodza ngakhale limodzi. Nduna inabweradi, maluwa anaikidwadi, ambuya anavinadi ndipo anathokozadi. Koma munthu amene anaonera ali ku Chawama kapena ku Mtendere anagona akudziwa kuti ku Kavalamanja zinthu zili bwino ndipo anthu ndi okhutira. Amenewo anali maganizo a munthu wina amene anakhala ndi lumo m'chipinda chokonzera nkhani, koma anatipatsa ngati zimene kamera inapeza. Ambiri timaganiza kuti TV yokondera ndi imene imanama. Ine ndikuti yonama siyoopsa kwambiri, chifukwa bodza limagwidwa. Yoopsa ndi imene imakupatsa zoona zokhazokha, koma itazisankha ngati mayi wosankha nyemba, zina m'poto zina kwa nkhuku.

Anthu a kwathu anaphunzira zimenezi kalekale, TV isanafike. Mu 1978 pafupi ndi mudzi wathu panali msasa wa ZIPRA, asilikali a chipani cha ZAPU cha Joshua Nkomo. Boma la ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, linauza dziko lapansi kuti laphwanya msasa wa zigawenga. Boma la Kenneth Kaunda linati dziko la Zambia lalowereredwa, ndipo aphedwa asilikali ake pamodzi ndi anthu wamba. Nkhaniyi inafika ku United Nations, kumene pa 17 Marichi 1978 nthambi yoona za chitetezo inadzudzula Rhodesia m'chigamulo nambala 424. Taonani: malo amodzi, masiku omwewo, mitembo yomweyo. Koma pawailesi ya kutsidya anyamata aja anali zigawenga, pawailesi ya kuno anali omenyera ufulu. Amene anasankha dzina anali ataweruza kale mlandu nkhani isanayambe. Mukamva kuti zigawenga zaphedwa, simufunsa kuti nanga mayi amene anali kusinja pafupi anali ndani.

Apa ndiye poyamba pamene maganizo amabisala m'nkhani: pa dzina. Lero mabomba kulibe, koma luso ndi lomwe lija. Anyamata akatseka msewu, TV ina imati ndi achinyamata okwiya ndi ulova, ina imati ndi makada. Anthu akasonkhana pamsonkhano, ina imati khamu, ina imati kagulu. Chinyanja chathu chili ndi mpeni wakewake umene Chingerezi chilibe, ndiwo ka- ndi chi-. Ukati kachipani, wachinyoza kale osatukwana. Ukati chimsonkhano, wachikuza kale osawerenga mitu. Mvetserani nkhani za m'zilankhulo zathu ndi khutu limeneli, mudzadabwa.

Pachiwiri ndi pa kamawu kamene kamatsatira dzina la wolankhula. Pa TV yokonda boma nduna imatsimikiza, imachenjeza, imalangiza, pamene wotsutsa amadandaula kapena kulalata. Pa TV yodana ndi boma zinthu zimatembenuka: wotsutsa amaulula, amavumbula, pamene nduna imavomera kapena kudzitchinjiriza. Munthu saulula bodza, amaulula choona chimene chinabisika. Choncho wowerenga nkhani akati wakutiwakuti waulula kuti ndalama zabedwa, wakuuzani kale kuti zabedwadi, ngakhale kuti palibe amene wawerenga mabuku a ndalamazo. Mawu osakondera alipo ndipo ndi aafupi: wati. Mtolankhani amene akuthawa kamawu kameneka ali ndi chimene akufuna kukulowetsani m'mutu.

Pachitatu, pamene panapweteka ambuya, ndi pa funso lakuti ndani akulankhula ndi pakamwa pake, ndipo ndani akulankhuliridwa. Wamkulu amapatsidwa maikolofoni, wamng'ono amapatsidwa chithunzi. Inu anzanga a m'komboni mukuzidziwa bwino izi. Mvula ikadzaza m'nyumba ku Kanyama, kapena kolera ikabuka monga inachitira kumayambiriro kwa 2024 pamene odwala anagonekedwa ku Heroes Stadium, kamera imabwera. Imajambula miyendo yanu m'madzi, imajambula mwana atanyamula chigubu, imajambula mulu wa zinyalala. Kenako wina wovala majombo atsopano amafotokoza chimene chikukuvutani, ndipo kawirikawiri amati vuto ndi inuyo, simusamala ukhondo. Mwakhala zokongoletsa m'nkhani ya moyo wanu womwe. Chiganizo chakuti anthu a kumalo akutiakuti ayamikira boma chamveka pa TV kuyambira nthawi ya UNIP, kudutsa MMD ndi PF mpaka lero. Chimene chimasintha ndi mtundu wa chitenje chimene ovinawo avala.

Mwina wina anena kuti ndikukuza kanthu kakang'ono, mphindi ziwiri za mudzi wa kumalire. Tiyeni tione zazikulu zimene dziko lonse linaona. Masankho a 2011 asanachitike, ZNBC inali kuonetsa pulogalamu ya Chanda Chimba III yotchedwa Stand Up for Zambia. Inavala zovala zonse za ntchito ya utolankhani: zithunzi zakale, mawu a wofotokoza odekha, anthu ofunsidwa. Koma cholinga chake chinali chimodzi, kuipitsa Michael Sata ndi onse amene anaoneka kuti ali kumbali yake. Chimba anali ndi ufulu wodana ndi Sata. Akanakhala pampando n'kunena kuti awa ndi maganizo anga, bwenzi tikutsutsana naye ngati munthu mnzathu. Cholakwa chinali kuveka maganizowo malaya a kafukufuku, n'kuwaulutsa pa TV imene ndi ya tonse, a MMD ndi a PF omwe.

Sata anapambana mu Seputembala 2011. Munthu akanayembekeza kuti amene analawa chikwapu chija achithyola. Sanachithyole, anangochisintha dzanja. Pa masankho a 2016, komanso a 2021, oyang'anira masankho ochokera ku European Union analemba kuti ZNBC inakondera chipani cholamula cha PF. Pa 22 Ogasiti 2016, patangopita masiku ochepa anthu atavota, bungwe la IBA, limene limapereka ziphaso kwa mawailesi, linaimitsa Muvi TV, Komboni Radio ndi Radio Itezhi Tezhi. Mu Marichi 2019 linaimitsa Prime TV kwa masiku 30, ndipo pakati pa zifukwa zimene linapereka panali chakuti TV imeneyi inali kupendekera mbali imodzi ndi kusakaniza maganizo m'nkhani. Mu Epulo 2020 chiphaso chake chinalandidwa, ndipo inabwerera boma litasintha mu Ogasiti 2021.

Mlandu umene Prime TV inapatsidwa ndi womwewu umene ndikulemba pano, ndipo sindinganene kuti inali yoyera. Amene tinali kuionera tikudziwa kumene mtima wake unali. Koma m'zaka zomwezo TV ya boma inali kuchita chimodzimodzi madzulo alionse nthawi ya 19 koloko, ndipo palibe tsiku limene inazimitsidwa. Lamulo limene limaluma wa kumanzere lokha, wa kumanja n'kumunyambita, silikuteteza woonera. Likuteteza amene ali pampando. Ndipo kutseka TV sikuchiritsa kukondera, kumangochepetsa mazenera amene munthu angasuzumirepo. Lero a PF, amene ali kunja, ndiwo akudandaula kuti TV ya boma siwaonetsa, mawu omwe aja amene a UPND anali kulira dzana. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Andale athu mwambi umenewu amaukumbukira akaluza basi.

Sindifuna kuti mumuone mnyamata uja wa pansi pa mtengo wa masau ngati mfiti. Kuti timvetse chifukwa chake pakamwa pa ambuya panatsala, tifunse mmene iye anafikira kwathu. Kuchoka ku Lusaka uyenda Great East Road mpaka pa mlatho wa Luangwa, ukhote kutsata mtsinje mpaka ku Boma ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, ndiyeno utsate Zambezi chokwera pamsewu wovuta. Ndi mafuta ambiri, ndipo ndi nyumba zochepa zoulutsa nkhani zimene zingatumize galimoto yawoyawo kukamva za njovu. Choncho mtolankhani amakwera m'gulu la magalimoto a wolemekezeka, amadya kumene wolemekezeka akudya, amanyamuka wolemekezeka akanyamuka. Nkhani zambiri za m'maboma akutali zimachokeranso ku ZANIS, imene ndi nthambi ya boma ndipo ntchito yake ndi kufalitsa zimene boma likuchita. Amene wakunyamula pabwato sumuuza pakati pa mtsinje kuti sadziwa kupalasa. Kavalamanja amaoneka pa TV pamene wamkulu wapitako, ndipo amaoneka kudzera paphewa la wamkuluyo.

Ndikumva chisoni ndi mtolankhani, koma chisonicho sichifafaniza ngongole. Nyumba zimene zili ndi TV zimalipira msonkho wa TV, umene unakwera kuchoka pa K3 kufika pa K5 pamwezi mu 2018. Ndalama imeneyi sifunsa kuti unavotera ndani. Amalipira wa chipani cholamula, amalipira wotsutsa, amalipira ndi amene sanavote. TV ya munthu payekha ikakondera ndimakwiya, koma ndikhoza kusintha tchanelo. TV ya tonse ikakondera, ndiye kuti ndagula ndekha ndodo yondimenyera.

Ena mwa anzanga amati palibe munthu wopanda mbali, choncho tisiye kulota, aliyense aonere TV ya chipani chake. Theka la mawu amenewa ndi loona. Mtolankhani ndi munthu, ali ndi kwawo, ali ndi amene amamukonda, ndipo mphindi ziwiri sizingatenge zonse, kusankha kulipo basi. Koma kunena kuti popeza palibe sikelo yolungama kotheratu ndiye tiyeni tonse tibe pa sikelo, kumeneko ndi kugonja. Malire pakati pa nkhani ndi maganizo alipo, ndipo si ovuta kuwaona. Nkhani ndi chimene munthu wina, ngakhale wodana nawe, angapite pamalopo n'kuchipeza momwemo: njovu zinalowa m'dimba usiku wakuti, nduna inafika nthawi yakuti ndipo inanena zakuti. Maganizo ndi chimene iwe ukuona kuti zimenezo zikutanthauza: boma lasamala, boma lanyalanyaza. Zonse ziwiri n'zofunika. Chimene mukuwerenga panochi ndi maganizo, ndipo sindikubisa. Mapulogalamu okambirana, kumene anthu amakangana poyera ndipo oonera amaimba foni, ndi abwino, chifukwa aliyense akudziwa kuti pano tikukangana. Tchimo ndi kuthira maganizo m'mbale ya nkhani ngati mchere, kuti munthu adye osauona.

Chitsanzo china ndi cha kwathu komweko. Kwa zaka zambiri panali mkangano wa mgodi wa kopa wa Kangaluwi m'paki ya Lower Zambezi, mpaka bungwe la ZEMA linaimitsa ntchitoyo mu 2023. Mmene ine ndinaonera pa ma TV osiyanasiyana, mkanganowu unali wa anthu a ku Lusaka: uyu akuti chitukuko, uyo akuti chilengedwe, ndipo aliyense akuti akulankhulira anthu a ku Luangwa. Koma anthu a ku Luangwa sali ndi mtima umodzi. Ndikudziwa mnyamata amene anafuna mgodiwo chifukwa watopa ndi ulova, ndikudziwa msodzi amene anauopa chifukwa moyo wake uli m'madzi a Zambezi, ndipo ndikudziwa mlimi amene sanafune kumva za kuteteza nyama chifukwa njovu zinamudyera chaka chonse usiku umodzi. Nkhani yeniyeni ikanawaika atatuwa pamodzi n'kutisiya tivutike nawo. TV yokondera imasankhapo mmodzi, amene akugwirizana ndi zimene mkonzi anaganiza kale, n'kumutcha anthu a ku Luangwa.

Tsono mukakhala pa TV madzulo, kapena mukaona kachidutswa ka nkhani pa Facebook ndi pa TikTok, dzifunseni timafunso tochepa. Ayamba ndi ndani, ndipo n'chifukwa chiyani iyeyo? Ndani walankhula ndi pakamwa pake, ndani wangooneka? Amene akunenedwa zoipa wapatsidwa mpata woyankha? Mawu akuti waulula, walephera, ayamikira, ndi a ndani, a munthu wa m'nkhaniyo kapena a wowerenga? Ndipo musachite zimenezi pa TV imene mumadana nayo yokha. Kumeneko n'kosavuta. Chitani pa imene mumaikonda, imene ikamalankhula mumagwedeza mutu, chifukwa imeneyo ndiyo imakulowani popanda kugogoda.

Ndinene za ine mwini, kuti ndisaoneke ngati woyera. Titachoka pakashopu paja ndinapsa mtima, ndipo m'mawa mwake ndinakhazika ambuya pansi pa mtengo womwe uja n'kuwajambula ndi foni yanga. Ananenanso zonse, za ndege, za njovu, za galimoto ya usiku. Nditabwerera ku Kanyama ndinayamba kudula kuti ikwane pa intaneti. Ndinasunga njovu, ndinasunga za adzukulu othawira m'tauni. Nditafika kumapeto, pamene ambuya anati komabe tikuthokoza kuti chaka chilichonse amabwera kudzalira nafe, chala changa chinapita chokha kukadula. Mawu amenewo anali kuononga nkhani yanga. Ndinafuna ambuya okwiya, monga mkonzi uja anafunira ambuya ovina. Iye anatenga kuthokoza n'kutaya njovu, ine ndinali pafupi kutenga njovu n'kutaya kuthokoza, ndipo tonse awiri tikananena kuti taonetsa zoona.

Ndinawasiya mawuwo. Kanemayo anatalika, ndipo anzanga ena anati akumveka ngati munthu wosadziwa chimene akufuna, akudandaula uku akuthokoza. Koma ambuya ndi otero. Anaona mudzi wawo ukupsa chifukwa cha ufulu wa dziko la eni, amanyadira kuti asilikali amabwera kudzachita sawasha pamanda, ndipo amagona ndi njala njovu zikadutsa. Zonsezi zili mwa munthu mmodzi, ndipo palibe chipani chimene zimachikomera zonse.

Marichi wotsatira ndinawaonetsa pafoni. Anaonera mpaka kumapeto osanena kanthu, kenako anandibwezera foni n'kuti, “Apa ndiye ndine. Koma mwana iwe, mayina aja ndinatchula, uwalembe penapake. Foni imagwa m'madzi.”